Zotupa za M'chiberekero: Zizindikiro Zimene Mayi Sayenera Kuzizolowera

Mvula ikakhazikika mu Disembala, minda ya tiyi ya m'boma la Thyolo imaphukira yonse nthawi imodzi, ndipo kuyambira pamenepo kufikira cha mu Epulo ntchito yothyola masamba sipumitsa munthu. Ku Satemwa, ku Makandi, ku Conforzi, ku Naming'omba, ku Nchima ndi kumaesiteti a ku Makwasa, amayi amalawirira m'mizere dengu lili kumsana, ndipo phindu la tsikulo limadziwika pa sikelo. Mayi amene makilogalamu ake akutsika chaka ndi chaka, amene wayamba kupumira pakati pa chitunda chomwe kale ankakwera akucheza ndi anzake, kawirikawiri amati ndi ukalamba, malungo, kapena kuchepa kwa chakudya m'miyezi ya njala. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma mwa amayi a zaka zapakati pa 30 ndi 50 alipo ambiri amene mphamvu zawo zikuthera m'magazi omwe amataya mwezi ndi mwezi, ndipo gwero la vutolo ndi zotupa zomera m'chiberekero.

Zotupa zimenezi si khansa. Ngakhale zili tero, zimatha kumuguga mayi pang'onopang'ono, mwakachetechete, mpaka iye mwini n'kufika poyesa kuti umo ndi mmene thupi lake linalengedwera. Phunziro lino lakonzedwera amayi eniake, amuna awo, anankungwi, makomiti a zaumoyo ndi a chitukuko m'midzi, pamodzi ndi akapitawo amene amayang'anira magulu a amayi m'minda.

Kodi zotupazi n'chiyani?

Chiberekero ndi thumba la mnofu wolimba, ndipo mwa mayi amene sali woyembekezera kukula kwake n'kofanana ndi peyala laling'ono. Zimachitika kuti kachigawo kena ka mnofu umenewu kamayamba kukula pakokha n'kuumbika ngati mpira wolimba. Madokotala amazitcha fibroids kapena myoma, ndipo amenewa ndiwo mawu amene mayi angawapeze atalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Chotupa chikhoza kukhala chimodzi, zikhoza kukhalanso zambiri. China chimachepa ngati njere ya nandolo, china chimafika pa lalanje, ndipo zilipo zimene zimakula ngati dzungu n'kudzaza mimba yonse.

Chimene chimazikuza ndi mahomoni a chizimayi, omwewo amene amayendetsa msambo. N'chifukwa chake sizioneka mwa mtsikana amene sanathe msinkhu, zimachuluka mwa amayi a zaka za m'ma 30 ndi m'ma 40, ndipo nthawi zambiri zimafota mayi akasiya kusamba.

Vutoli n'lofala kuposa mmene anthu amaganizira. Kafukufuku wina wodziwika amene zotsatira zake zinasindikizidwa ku America m'chaka cha 2003, atajambula m'mimba mwa amayi ambiri, anasonyeza kuti pofika zaka 50 amayi achikuda oposa 80 mwa 100 alionse amakhala atakhalapo ndi zotupazi, pamene mwa amayi achizungu chiwerengerocho chinali pafupifupi 70. Mwa amayi achikuda zimayamba msanga, zimakula kwambiri, ndipo zimavutitsa koposa. Mayi amene amayi ake omubereka kapena mchemwali wake anali nazo ali ndi mpata waukulu wokhala nazo. Chimodzimodzinso amene anatha msinkhu ali wamng'ono kwambiri, amene sanaberekepo, ndi wonenepa kwambiri.

Ambiri mwa amayi amene ali nazo samva chilichonse, ndipo amakalamba osadziwa n'komwe. Amenewa safunika mankhwala. Nkhani ili pa amene zotupazo zayamba kuwasokonezera moyo.

Msambo umene wasintha

Chizindikiro chachikulu, chomwenso chimabisidwa koposa, ndi kutaya magazi ambiri kumwezi. Apa pali chinthu chovuta: mayi aliyense amangodziwa msambo wake wokha. Alibe poyerekezera, pakuti nkhani imeneyi sikambidwa poyera ngakhale pakati pa anthu apachibale. Tsono msambo ukamawonjezekera pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, iye amangowonjezera nyanda n'kumapirira.

Pali miyeso imene mayi angadziyese nayo payekha popanda chida chilichonse. Msambo wabwinobwino sudutsa masiku 7. Ukamafika masiku 8, 10 kapena kuposerapo mwezi uliwonse, pali chimene chalakwika. Ngati nyanda kapena padi ikunyoweratu pa ola limodzi kapena awiri, ngati mayi akuphatikiza ziwiri nthawi imodzi kuti magazi asabowole chitenje, ngati akudzuka usiku kukasintha kapena kupeza mphasa itanyowa, magaziwo ndi ochuluka. Ngati mukutuluka magazi oundana aakulu ngati ndalama yachitsulo kapena kuposa, nachonso n'chizindikiro. Muyeso wina wosavuta ndi uwu: msambo umene umalepheretsa munthu kupita kumunda, kumsika kapena kutchalitchi masiku awiri kapena atatu mwezi uliwonse si woti n'kuuzolowera.

Kwa mayi wothyola tiyi, zimenezi zili ndi mtengo wake woonekeratu. Ntchitoyo ndi yoimirira tsiku lonse, kumunda n'kutali ndi kunyumba, ndipo m'nyengo ya dzinja zovala zimakhala zonyowa kale ndi mvula. Amene akutaya magazi ambiri amasankha pakati pa kujomba ndi kuchita manyazi pagulu, ndipo ambiri amajomba osanena chifukwa chenicheni. Kapitawo amangoona kuti mayi uja wayamba ulesi kumapeto kwa mwezi uliwonse.

Chotupa chimene chimataitsa magazi kwambiri si chachikulu nthawi zonse. Kachotupa kakang'ono komera m'kati mwenimweni mwa chiberekero, pansi pa khungu limene limasamba, kamatha kutaitsa magazi ochuluka kuposa chachikulu chomera kunja kwa chiberekero. Choncho mimba yosatupa si umboni woti kulibe vuto.

Kuchepa kwa magazi

Magazi akamatayika chonchi mwezi ndi mwezi, thupi limalephera kubwezeretsa, ndipo mayi amayamba kuchepa magazi. Zizindikiro zake n'zodziwika: kufooka, chizungulire poimirira kapena powerama, kupuma mwabefu pokwera mtunda, mtima kugunda mothamanga, mutu kuwawa kosatha, zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuyera. Ena amayamba kulakalaka dothi, ndipo chilakolako chimenechi, chomwe anthu amachiona ngati chizolowezi chabe cha amayi, kawirikawiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa mchere wa ayironi m'thupi.

Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo amene anachitika m'dziko muno mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 ndi wochepa magazi. Zoyambitsa zake n'zambiri, monga malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi ndi zakudya zosakwanira. Kuchuluka kwa zoyambitsaku n'kumene kumabisa zotupa. Mayi amapita kuchipatala, amadandaula za chizungulire, amalandira mapiritsi owonjezera magazi, amapezako bwino, kenaka patapita miyezi itatu amabwereranso ndi dandaulo lomwelo. Za msambo satchula, ndipo pamzere wautali wa odwala funsolo likhoza kusafunsidwa. Kuteroko kuli ngati kutungira madzi mumtsuko wobowoka. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko: mayi ayenera kuyamba yekha kunena kuti msambo wake wasintha, ngakhale wachipatalayo akhale mwamuna, ngakhale akhale wa msinkhu wa mwana wake.

Kuchipatala amayeza magazi ndi kupereka nambala. Bungwe la World Health Organization limati mayi amene sali woyembekezera nambalayo ikatsika pansi pa 12, magazi ake ndi ochepa, ndipo ikatsika pansi pa 8 achepa kwambiri. N'kwabwino kufunsa nambalayo ndi kuonetsetsa kuti yalembedwa m'buku, kuti ulendo wina padzakhale poyerekezera.

Mimba yokula popanda mwana

Chizindikiro chachiwiri ndi kulemera kapena kutupa pachinena. Zotupa zikakula, mayi akagona chagada m'mawa amatha kukhudza chinthu cholimba m'munsi mwa mchombo. Siketi imayamba kuthina m'chiuno pamene manja ndi nkhope zikuwonda. Madokotala amayerekeza kukula kwake ndi pathupi: chiberekero chikayamba kumveka pamwamba pa fupa la chinena amati chafanana ndi mimba ya milungu 12, ndipo chikafika pamchombo amati milungu 20.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokerera. Mimba ikukula, anthu m'mudzi ayamba kunong'onezana, apongozi ayamba kuwerenga miyezi. Ikakwana miyezi 9, kenaka chaka, mwana osabadwa, mawu amasintha. Ena amati mimba yabwerera kumsana, ena amati wina waimanga, ndipo m'mudzi simusowa munthu woti n'kumuloza chala. Ndalama zimene zikanakhala za ulendo wa kuchipatala zimathera kwa asing'anga, ndipo abale amadana pa nkhani imene makina ojambulira akanaithetsa m'mphindi zochepa. Mfundo yake ndi yosavuta: mimba imene ikukula mayi akusambabe mwezi ndi mwezi, mwana osamveka kugunda, iyenera kupimidwa. Kuyeza mkodzo kuti aone ngati ndi pathupi kumatha kuchitika ngakhale pa chipatala chaching'ono.

Chiberekero chili pakati pa chikhodzodzo ndi matumbo, choncho chikakula chimapanikiza anansi akewo. Chikatsamira kutsogolo, mayi amakodza pafupipafupi, amadzuka kangapo usiku, kapena amamva ngati mkodzo sunathe. Chikatsamira kumbuyo, amadzimbidwa ndipo msana umawawa cham'munsi, nthawi zina ululuwo n'kumatsikira m'miyendo. Wosenza dengu tsiku lonse amaona kupweteka kwa msana ngati gawo la ntchito yake, motero chizindikirochi chokha sichinena zambiri. Chimayamba kulemera chikaphatikana ndi msambo wochuluka kapena kutupa pachinena. Ena amamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi amuna awo, ndipo ena cham'mimba chimene chinasiya atabereka mwana woyamba chimabwereranso mwamphamvu.

Kubereka

Amayi ambiri okhala ndi zotupazi amatenga pathupi ndi kubereka bwinobwino. Komabe zotupa zomera m'kati mwa chiberekero zimatha kulepheretsa pathupi kukhazikika, kapena kuchititsa mayi kupita padera mobwerezabwereza. Mwa woyembekezera, chotupa chikhoza kuwawa kwambiri pakati pa miyezi ya mimbayo, chikhoza kuchititsa mwana kugona mopingasa, ndipo chikhoza kulepheretsa chiberekero kubwerera msanga atachira, zomwe zimadzetsa kutaya magazi ambiri. Mayi amene anauzidwapo kuti ali ndi zotupa anene zimenezi tsiku loyamba kusikelo, ndipo akachirire ku chipatala chimene chili ndi malo ochitira opaleshoni.

Banja limene likusowa mwana lisathamangire kunena kuti vuto ndi zotupa za mkazi. Kusabereka kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo zina zili mwa mwamuna. Kupimidwa kuyenera kukhala kwa onse awiri.

Zimene si zotupa wamba

Mawu akuti "si khansa" ndi otonthoza, ndipo ndi oona: mwa zotupa zotere zoposa 1,000, chimene chimapezeka kuti ndi khansa sichiposa chimodzi. Koma mawu amenewa ayenera kutuluka m'kamwa mwa amene wapima, osati mwa mnzake wa pamzere wa tiyi amene anadwalapo zofanana. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse, ndipo matenda awiriwa onse amadziwika ndi magazi.

Kusiyana kwake kulipo. Zotupa wamba zimachulukitsa magazi pa nthawi ya msambo. Magazi otuluka mayi atangokhala malo amodzi ndi mwamuna, magazi odontha pakati pa mwezi, chikazi chamadzimadzi chonunkha, ndiponso magazi alionse mwa mayi amene anasiya kale kusamba, zimenezi zimafuna kupimidwa khomo la chiberekero mosazengereza. Chimodzimodzi chotupa chimene chikukula mwa mayi amene anasiya kusamba, pakuti pa msinkhu umenewo chimayenera kumafota.

Pali chisokonezo china chofunika kuchikonza. Kuyeza kwa viniga kumene amayi amachita m'zipatala kumaona khomo la chiberekero lokha, sikuona m'kati mwa chiberekero. Mayi akhoza kuuzidwa kuti khomo lili bwino pamene zotupa zilimo. Nakonso kujambula m'mimba sikulowa m'malo mwa kuyeza kwa viniga. Katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019, amateteza ku khansa ya khomo la chiberekero, osati ku zotupazi.

Zina sizidikira kuti kuche: magazi otuluka mosalekeza mpaka munthu kukomoka, kulephereratu kukodza, ndi ululu woopsa wadzidzidzi pachinena. Ululu wotere mwa mayi amene wadumphitsa msambo ukhoza kutanthauza pathupi pokhala kunja kwa chiberekero, pomwe pamapha m'maola ochepa. Oterewa anyamulidwe nthawi yomweyo, usana kapena usiku.

Njira ya kuchipatala

Poyambira ndi chipatala chapafupi, kaya cha pa esiteti kaya cha boma monga cha ku Bvumbwe kapena ku Thekerani. Kumeneko amafunsa mbiri ya msambo, kupima mimba ndi manja, kuyeza mkodzo ndi magazi, n'kulemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha boma la Thyolo kukajambulidwa. Kujambulako sikupweteka, sikuboola thupi, ndipo sikuononga chiberekero. A dera la Makwasa ali pafupi ndi chipatala cha Malamulo cha mpingo wa Seventh-day Adventist, chomwe n'cholipira, pamene m'zipatala za boma chithandizo n'chaulere. Matenda ofuna akatswiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre.

Mayi amathandiza kwambiri womupima akabwera ndi chiwerengero osati mawu akuti "ndimataya kwambiri" okha. Kwa miyezi iwiri kapena itatu alembe kumapeto kwa buku lake tsiku limene msambo wayamba, tsiku limene watha, ndi kuchuluka kwa nyanda kapena mapadi amene wasintha tsiku lililonse. Wosadziwa kulemba akhoza kudula timizere, kapena kupempha mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake kuti amuthandize. Koma amene wafooka kale asadikire kuti miyeziyo ikwane.

Ambiri amaopa chipatala poganiza kuti chotupa chilichonse chimathera ku mpeni. Si choncho. Zotupa zosavutitsa amangoziyang'anira, makamaka mwa mayi amene watsala pang'ono kusiya kusamba. Wotaya magazi amapatsidwa mapiritsi a ayironi, omwe ayenera kumwedwa kwa miyezi ingapo, osati kusiyidwa chizungulire chikangoleka. Aliponso mankhwala ochepetsa magazi pa masiku a msambo, monga tranexamic acid, ndipo njira zina zolera, monga mapiritsi ndi jakisoni, zimachepetsanso magaziwo. Mankhwalawa sachotsa chotupa, koma amabwezera munthu mphamvu. Chenjezo limodzi likukhudza boma lino mwapadera: tiyi womwera pamodzi ndi chakudya kapena ndi mapiritsi a ayironi amalepheretsa thupi kuyamwa bwino mcherewo. Wochepa magazi asiyanitse ziwirizi ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo chipatso monga lalanje kapena gwafa pambali pa nyemba ndi masamba chimathandiza.

Opaleshoni ili mitundu iwiri. Woyamba ndi wochotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero, ndipo umayenera mayi amene akufunabe ana, ngakhale kuti zotupa zina zikhoza kudzameranso. Wachiwiri ndi wochotsa chiberekero chonse, womwe umathetseratu vutolo kwa mayi amene anamaliza kubereka. Pa wachiwiriwu pamamveka mphekesera zambiri, ndipo amuna ena amakaniza akazi awo poopa kuti m'nyumba simudzakhalanso monga kale. Chimene chimatha ndi msambo ndi kutenga pathupi basi. Bala likapola, banja limayenda monga mwa nthawi zonse, ndipo kwa ambiri limayenda bwino koposa popeza ululu ndi magazi zatha. Mwamuna wokayika apite nawo kukadzifunsira yekha kwa dokotala. Thupilo ndi la mayi, ndipo chilolezo cha opaleshoni chimachokera kwa iye atamvetsa zonse.

Ntchito ndi malipiro

Mantha ena si a mpeni koma a kutha kwa ntchito. Munthu wochitidwa opaleshoni ya pamimba amafunika milungu pafupifupi 6 asanayambe kusenza zolemera, ndipo kwa mayi amene akudyetsa banja ndi dengu la tiyi nthawi imeneyi ndi yaitali. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito yake: milungu 4 ya malipiro onse ndi milungu 8 ya theka la malipiro pa chaka, atasonyeza kalata ya dokotala. Kalata imeneyi iyenera kupemphedwa potuluka m'chipatala, osati patapita mwezi. Ogwira ntchito ya nyengo afunse ku ofesi ya zantchito ya m'boma lino kapena kwa atsogoleri a mgwirizano wa ogwira ntchito m'maesiteti za mmene nyengo zimene agwira zimawerengedwera.

Ngati dokotala waona kuti opaleshoni si yachangu, mayi akhoza kukambirana naye zoikonzera m'miyezi ya chilimwe pamene masamba amachepa, n'kugwiritsa ntchito miyezi yodikirayo kukweza magazi. Wochepa magazi kwambiri sachitidwa opaleshoni asanawonjezeredwe, ndipo magazi amenewo amachokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service. Midzi, mipingo ndi masukulu zimene zimalandira bwino gulu lotolera magazi zimakhala zikukonzera njira amayi a m'dera lomwelo.

Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, kuyambira kwa Bvumbwe ndi kwa Chimaliro kufikira kwa Changata ndi kwa Nsabwe, ali ndi mbali yawo imene sifuna ndalama zambiri. Akhoza kuitana namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kudzalankhula za msambo pa misonkhano ya mabanki a m'mudzi ndi ya amayi a mvano, kumene amayi a msinkhu umenewu amakumana kale okhaokha. Anankungwi, amene amaphunzitsa namwali kusunga chinsinsi cha msambo, akhoza kuwonjezera pa mwambowo chiwerengero cha masiku 7 ndi muyeso wa ola limodzi kapena awiri. Kumaesiteti, zimbudzi ndi madzi pafupi ndi minda, pamodzi ndi munthu wamkazi amene mayi angamuuze vuto lake popanda kudzera kwa kapitawo wamwamuna, ndi nkhani zoyenera kukambidwa pamene oyang'anira ndi oimira antchito akumana dzinja lisanayambe.